KODI LUSAKA ATHERA PATI?

Mkulu wa ku Katete kapena ku Petauke akamva mwana wace akunena pa lamya kuti, "Atate, tsopano ndakhazikika ku Lusaka," maganizo ace amathamangira ku Cairo Road ndi nyumba zace zazitali. Koma tsiku lokaceza likafika, basi iwatsitsa pa Intercity, ndipo mwanayo awakweza minibasi imene ibwerera ndi msewu womwe uja wa Great East, kupitirira thanki ya madzi ya pa Chelstone, mpaka ku malo kumene cimanga cimera kuseri kwa nyumba. Kumeneko auzidwa kuti ali m'boma la Chongwe. Kodi mwanayo ananama? Iyai, sananame. Lusaka ali ndi malire awiri, ndipo munthu wakumudzi ayenera kuwadziwa onse.

Malire oyamba ndi a pa pepala. Awa ndi malire a Khonsolo ya mzinda, ndipo sanakhale malo amodzi ciyambire. Njanji inafika pamalopa m'caka ca 1905, pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka, amene dzina lace linasanduka la mzinda. M'caka ca 1931 atsamunda anasankha malowa kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo Boma linasamukirako mu 1935. Mzinda anaulinganiza mogawa anthu. Azungu anakhala m'malo a mitengo ndi mabwalo aakulu, pamene anchito acikuda anapatsidwa tinyumba tozungulira ta udzu monga tija ta ku Kabwata, timene tina tasungidwa mpaka lero pa mudzi wa zamwambo. Kusiyana kwa pakati pa nyumba za mipanda za ku Kabulonga ndi Woodlands, ndi nyumba zothithikana za m'makomboni, kunayambira pamenepo.

Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha mphamvu, ndipo mabanja anakhamukira ku likulu. Mu 1963 anthu a mu Lusaka anali pafupifupi 123,000; pofika 1969 anapitirira 260,000. Ambiri anamanga kunja kwa malire, kumene Khonsolo inalibe ulamuliro wa kuika mipope kapena kukonza misewu. N'cifukwa cace mu 1970 Boma linafutukula malire kucokera pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360, ndipo mu 1974 linakhazikitsa lamulo lololeza kuti makomboni monga Chawama ndi George akonzedwe m'malo mogwetsedwa. Koma anthu sanaleke kubwera. Kalembera wa 1980 anapeza anthu oposa 500,000, ndipo wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Malo a mkati anadzala, mzinda n'kutayikira kunja monga phala lowira mumphika waung'ono.

Apa ndipo pabwera malire aciwiri, amene sanalembedwe pa cikwangwani ciliconse. Akatswiri a mapulani a mizinda amati mzinda waukulu uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi dera lonse limene lidalira mzindawo tsiku ndi tsiku. Muyeso wace ndi wapafupi: kulikonse kumene munthu angadzuke m'mamawa, kukagwira nchito kapena kukagulitsa malonda m'tauni, ndi kubwerera kukagona kwace usiku womwewo, kumeneko ndi mbali ya dera la mzinda. Ku Lusaka dera lotere limachedwa Greater Lusaka m'Cingelezi, ndipo pulani yaikulu imene inakonzedwa mu 2009 ndi thandizo la dziko la Japan inaphatikizamo mbali za maboma a Chongwe, Kafue ndi Chibombo.

Munthu akayang'anitsitsa, aona kuti mzinda sungathe kuima pawokha popanda madera amenewa. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limene aliyense amati ndi la Lusaka, lili m'boma la Chongwe. Madzi ena a m'mipope ya mu mzinda acokera mumtsinje wa Kafue, pa Iolanda, ndipo ena acokera m'zitsime zokumbidwa ndi makina. Simenti imene inamanga nyumba zambiri za m'tauni inacokera ku Chilanga. Matimati, repu ndi anyezi za pa msika wa Soweto zifika mbandakuca kucokera ku madimba a ku Chibombo, Chongwe ndi kwina. Nawo mzinda ubwezera nchito, msika, masukulu apamwamba ndi cipatala cacikulu ca UTH. Ngakhale zoipa zimayenda ndi misewu yomweyo: kolera imene inavuta Lusaka mu 2023 ndi 2024, mpaka bwalo la masewera la Heroes kusanduka cipatala, sinafunse malire a Khonsolo.

Nanga nkhani imeneyi ikhudza bwanji banja lakumudzi? Ikhudza kwambiri pa nkhani ya malo. Makolo ambiri agulitsa ng'ombe kapena fodya kuti athandize mwana kugula puloti "ku Lusaka," osadziwa kuti pansi pa dzina limodzi pali maulamuliro osiyana. Mkati mwa mzinda malo ndi a Boma, ndipo cikalata ca umwini cicokera ku Unduna wa za Malo. Kunja kwa malire, malo ambiri ali m'manja mwa mafumu: Mfumu Nkomeshya ya Asoli kum'mawa, ndi Mfumu Mungule ya Alenje kumpoto. Lamulo la za malo la 1995 linena kuti malo a mwambo asanasinthidwe kukhala a cikalata, mfumu ndi Khonsolo ya boma limenelo ziyenera kubvomereza. Wogula pa dzanja kwa munthu wongodzicha mwini malo angadzapeze kuti puloti lomwelo linagulitsidwa kwa anthu atatu, kapena kuti liri pa njira ya msewu. Safunsa anadya phula. Ndalama zisanacoke m'thumba, wogula afunse kuti malowo ali m'boma liti, ali m'manja mwa yani, ndipo madzi ndi sukulu zili kuti.

Cinanso ndi mtengo wa ulendo. Lendi ya kunja kwa mzinda iri yocepa, koma wokhala kumeneko alipira minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, ndipo maola ace ambiri athera pa msewu. Wacinyamata amene afuna kusiya khasu kuti akafune nchito ku likulu awerengere zimenezi asananyamuke.

Nawo eni midzi yozungulira mzinda ali ndi cisankho covuta. Munda umene unadyetsa banja kwa mibadwo ungagulitsidwe tsiku limodzi pa mtengo wokopa maso, koma ndalamazo zikatha, ana asowa polima ndi poika maliro, ndipo ena asanduka alonda pa zipata za nyumba zomangidwa pa munda wa agogo awo. Banja likhale pansi ndi nyakwawa lisanasaine pepala lililonse.

Tsono mkulu uja wa ku Katete, pobwerera kwao, anganene mosakaika kuti mwana wace akhala ku Lusaka, pakuti nchito yace, msika wace ndi cipatala cace ziri kumeneko. Koma pa nkhani ya puloti limene mwanayo amangapo, mkuluyo akumbukire kuti ofesi yofunsako ndi ya ku Chongwe.