LAMULO LIRIPO, NANGA ALONGO ATHU AFERANJI?

Abale ndi alongo a mu Lusaka, cherani khutu. Nkhani tabwera nayo lero ndi ya maliro, maliro amene tingawaletse ife tomwe.

Pitani pa msika wa Kabwata mufunse mai wogulitsa tomato. Pitani ku Chelstone mufunse mtsikana wa sukulu. Imani pa Kulima Tower mufunse kondakita wa basi. Funso likhale limodzi: kodi kucotsa mimba m'cipatala nkololedwa mu Zambia? Ambiri adzakuyankhani kuti iai, umenewo ndi mlandu wa ndende basi. Yankho limeneli siloona, ndipo kusadziwa kumeneku kulikupha ana athu.

Imvani tsono zimene ziri m'buku la malamulo. M'caka ca 1972 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inapanga lamulo lochedwa Termination of Pregnancy Act, potsata lamulo la ku Britain la 1967. Lamuloli liti dotolo angathe kucotsa mimba m'cipatala ngati mimbayo iika moyo wa mai pangozi, ngati ingaononge thanzi lace la thupi kapena la maganizo, ngati ingaononge thanzi la ana amene ali nao kale, kapena ngati mwanayo angabadwe wolemala koopsa. Litinso madotolo poweruza ayang'ane msinkhu wa maiyo ndi m'mene akhalira kwao. Mu 2005 anaonjezapo kuti mwana wamkazi amene wagwiriridwa natenga mimba angathandizidwe mwa lamulo lomweli. Wocotsa mimba kunja kwa njira imeneyi ndiye amene apalamula mlandu.

Zaka zoposa 50 zapita lamuloli liri m'buku. Ndani anauza anthu? Ndani analimasulira m'Cinyanja ndi kulikhoma pa khomo la kiliniki kuti wodutsa aliyense awerenge? Lamulo lobisika lifanana ndi citsime cimene anaciphimba ndi mwala: madzi alimo, koma mudzi ulikufa ndi ludzu.

Ndipo pa mwalapo anasanjikapo mwala wina. Lamulo lifuna kuti madotolo atatu asaine, ndipo mmodzi mwa iwo akhale katswiri. Ku Britain kumene tinatengako lamuloli afuna awiri cabe. Ife amene madotolo athu ndi owerengeka tinati akhale atatu! Pokhapo pamene moyo uli pangozi ya msanga mpamene dotolo mmodzi akwanira. Kodi wafika pangozi yotere sindiye amene wacedwa kale?

Taonani tsono m'mene lamulo limodzi ligawira mzinda umodzi pawiri. Mwana wa kumayadi, wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, akagwa m'bvuto, makolo ace adziwa lamulo, adziwa dotolo, ali ndi galimoto ndi ndarama. Zonse zitha mwakacetecete, ndipo Lolemba mwanayo ali m'kalasi. Sitimnenera zoipa mwana ameneyu. Tikondwera kuti ali moyo. Koma nanga mtsikana amene akolopa m'nyumba yomweyo, amene acoka ku komboni mbandakuca wapansi? Iye adziwa nganga ya kuseri kwa msika, adziwa kamtengo ka cinangwa, adziwa mapirisi ogula mobisa popanda womuuza kamwedwe kace. Magazi akayamba kutayika aopa kunena, cifukwa aganiza kuti polisi imgwira. Pamene abale amnyamula kupita naye ku UTH, nthawi zina thupi latentha kale ndi mafinya, cibaliro caonongeka.

Akulu a mzinda uno akumbukira masiku amene munthu wakuda sanali kulowa pa khomo la sitolo m'tauni, koma anali kugula pa kazenera ka kumbali, kulandira nyama yokulungidwa imene sanaione. Anthu a Lusaka anakana mabucha otere mu 1954. Lero kazenera kaja kabweranso, koma kali pa nkhani ya moyo wa akazi. Wa ndarama alowa pa khomo, wosauka apita kuseri.

Manambala a Boma lomwe acitira umboni. Kafukufuku wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati. Anapezanso kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amai 252 anali kufa pa zifukwa za uchembere. Kucotsa mimba mobisa ndi cimodzi mwa zifukwa zimenezi, ndipo ndico cosabvuta kuciletsa. Ofufuza a London School of Economics amene anagwira nchito pamodzi ndi madotolo a UTH anapeza kuti kuciritsa mai wobvulala ndi njira zobisa kudya ndarama zambiri koposa kumthandiza bwino poyamba. Cotero dziko lilipira kawiri: lilipira ndi ndarama, lilipiranso ndi mabokosi.

Tidziwa alipo amene adzatiyankha kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Inde, a Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 December 1991, ndipo mabishopu a Katolika akhala akutsutsa lamuloli kuyambira 1972. Abusa athu ndi ansembe athu tiwalemekeza. Alalikire za kupatulika kwa moyo pa guwa, alangize anyamata ndi atsikana, athandize mai amene asankha kulera mwana wace m'umphawi. Imeneyo ndi nchito yao ndipo ndi yabwino. Lamulo lomwe silikakamiza mkazi aliyense kucotsa mimba, ndiponso lilola dotolo amene cikumbumtima cace cikana kuti asagwire nchitoyo, pokhapo ngati moyo wa mai uli pangozi. Koma tifunsa: kubisa lamulo kwapulumutsa mwana uti? Mtsikana amene watsimikiza mtima sabwerera cifukwa khomo la cipatala latsekedwa. Apita kwina, ndipo kumeneko titaya onse awiri, mwana ndi mai wace. Amene akonda moyo awerenge mitembo yonse.

Tisaiwalenso kuti lamuloli linatsala pang'ono kugwedezeka. Pa 11 August 2016 anthu anafunsidwa kubvomereza ndime zatsopano za ufulu wa anthu, ndipo m'katimo munali mau akuti moyo wa munthu uyamba pa kutenga pakati. Ndimezo sizinapite cifukwa mavoti obvomereza sanafike theka la anthu onse oyenera kuvota. Ambiri anavota osadziwa kuti mau amenewa angakhudze lamulo la 1972. Adziwa bwanji za lamulo limene sanalimvepo?

Ndipo inu amuna anzathu, musakhale ngati nkhani iyi siikukhudzani. Mimba sibwera ndi mphepo. Bambo wa galimoto amene aima pa geti la sukulu, mnyamata amene akana mimba yace nathawira ku Copperbelt, mwini nyumba amene agwira wanchito wace, onsewa Lamulungu akhala pa benchi la kutsogolo m'chalichi, pamene mtsikana yekha ndiye asenza manyazi. Cilungamo ca mtundu wanji cimeneci?

Cifukwa cace ife tifuna zinthu izi, ndipo sitipempha mogwada.

Coyamba, Unduna wa za Umoyo ulembe lamuloli m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zonse za dziko, ulikhome pa kiliniki ya Kabwata, ya Chelstone ndi zina zonse, ulilengezenso pa wailesi.

Caciwiri, aphungu acotse lamulo la masaini atatu. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti zopinga zotere zicotsedwe, ndi kuti anamwino ndi azamba ophunzitsidwa angathe kugwira nchitoyi pamene mimba iri yaing'ono.

Cacitatu, dotolo amene akana, auze maiyo kumene angapite. Asamtukwane, asambweze kunyumba cimanjamanja.

Cacinai, njira zolera zipezeke kwa aliyense wozifuna, wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe, pakuti mimba imene sinatengedwe sifuna kucotsedwa. Ndipo mtsikana amene wabala abwerere ku sukulu monga Boma linalamulira mu 1997.

Amai a m'misika, alangizi, aphunzitsi, anamwino, nkhani iyi muitenge. Muinene pa cilanga mulilo, muinene pa msonkhano wa makolo, mufunse phungu wanu pamene abwera kudzapempha voti. Wamva mnzace ali m'bvuto, amperekeze ku cipatala lero lomwe, asadikire kuti magazi ayambe. Lamulo ndi lathu tonse, la ku Kabulonga ndi la ku komboni lomwe. Tsegulani khomo, alongo athu alowe!