ZA MAPHUNZIRO: Lamulo la Cingelezi Limene Eni Ake Salitsata

M'midzi yambiri ana a sukulu amabwera kunyumba ndi makope ofiira ndi inki ya aphunzitsi cifukwa ca lamulo lina lakale. Lamulolo likuti ciganizo ca Cingelezi cisamathe ndi mperekezi, ndiye kuti timau tating'ono monga to, from, in ndi with. Mwana akalemba kuti "Where do you come from?" ena amamulembera mtanda, cikhalireco Mngelezi aliyense amafunsa motero pofuna kudziwa kwao kwa mlendo.

Lamuloli silinabadwe pamodzi ndi cineneroco ai. Akatswiri amati analichukitsa ndi mlakatuli John Dryden, amene m'caka ca 1672 anadzudzula Ben Jonson, mlembi wa masewero amene anali atamwalira kale, cifukwa cosiya mperekezi kumapeto. Dryden anali wokonda Cilatini, ndipo m'Cilatini mperekezi sasiyidwa yekha kumathero kwa ciganizo. Motero anafuna kubveka Cingelezi malaya osokedwera munthu wina. Anafika pokonzanso ngakhale zolemba zake zakale kuti zimvere lamulo lakelo.

M'caka ca 1762, Robert Lowth, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa ku London, anatulutsa buku la galamala. Iye sanaletse kalembedweka. Anabvomereza kuti Cingelezi cimakonda kutero, koma anaona kuti m'zolemba zaulemu mperekezi amakoma akakhala patsogolo. Alembi a mabuku a sukulu ndiwo anasandutsa uphungu umenewu kukhala lamulo la cikwapu. Pofika 1926, katswiri H. W. Fowler anali kunena poyera kuti ici ndi cikhulupiriro cabe.

Wolankhula Cinyanja sayenera kudabwa nazo izi. Anthu amati "nyumba imene agogo agonamo" ndi "mpando umene mfumu ikhalapo." Timau mo ndi po tatsalira kumapeto, ndipo palibe nkhalamba imene ingati Cinyanja cimeneco n'copotoka. Mngelezi nayenso amangoti "the house she sleeps in."

Tsono mnyamata wolemba kalata yofunsira nchito kuboma angathe kusankha "the school at which I studied," pakuti akulu ena a m'maofesi amakondwera nako kalembedwe kolemekezeka kotero. Koma mlongo wake wa m'Geredi 7 amene walemba "the school I go to" sanalakwe, ndipo makolo asamudzudzule poona mtanda wofiira m'kope lake.