Matenda ofota ubongo: funso kwa ofuna uphungu

Ofuna uphungu akafika ku Malosa amalonjeza mijigo, milatho ndi feteleza wotsika mtengo. Zonsezi n'zofunika. Koma pali odwala ena amene satchulidwa pamisonkhano imeneyi: amene ubongo ndi mitsempha yawo zikufota pang'onopang'ono. Wina manja amanjenjemera mpaka kulephera kutema nsima, monga achitira matenda a Parkinson. Wina amaiwala mayina a ana ake. Ndipo alipo owerengeka, ena asanakalambe n'komwe, amene minofu imafooka mpaka kumeza kumawakanika.

Nthenda ikasowa dzina kuchipatala, mudzi umaipatsa lake, ndipo kawirikawiri dzinalo limakhala ufiti. Gogo wosokonezeka mutu akapezeka usiku pakhomo la eni, ndi ochepa amene amaganiza za matenda. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe silinapulumutse okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016.

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo m'dziko muno, monga wa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amayendera ndalama zakunja. Tapindula naye pa malungo ndi Edzi, sitikana. Koma mwini thumba ndiye amasankha chofufuza, ndipo thumba limatha kutsekedwa, monga tinaonera mu 2025 dziko la America litaimitsa thandizo la USAID.

Ena adzati boma limene zipatala zake zimasowa mankhwala wamba lisamwaze ndalama pa matenda ogwira anthu ochepa. Mfundoyi ndi yomveka. Komatu choyambira si makina a mabiliyoni ayi. Ndi kuwerenga odwala. Anamwino a pa St Luke's ku Malosa, a ku Domasi ndi a ku Zomba Mental Hospital ataphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro, angathe kusunga kaundula, akatswiri a ku KUHeS n'kumusanthula. Popanda kaundula wotere, boma lingadziwe bwanji kuchuluka kwa levodopa, mankhwala ochepetsa kunjenjemera, amene liyenera kuitanitsa?

Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo bajeti imavomerezedwa ndi aphungu. Choncho, abale ndi alongo, wopempha voti yanu mumufunse pagulu: kodi m'Nyumba ya Malamulo adzalimbikira kuti bungwe la National Commission for Science and Technology lipatsidwe ndalama zapadera zofufuzira matenda amenewa, ndipo zingati pachaka?