Wophikira Poto wa Magetsi Ayambe Waphunzitsidwa

Mapoto a magetsi ophika ndi mphamvu ya nthunzi, aja timawatcha pressure cooker, ayamba kupezeka m'makomo ambiri a m'tauni, ndipo ife tikuwalandira ndi manja awiri. Nyemba zomwe zimatha maola awiri kapena atatu pa mbaula zimapsa pasanathe ola limodzi, ndipo thumba la makala limakhalitsa. Chikutidetsa nkhawa n'chakuti wogula poto nthawi zambiri si amene amaphikira. Amaphikira ndi mtsikana wantchito, mdzukulu kapena agogo, pomwe kabuku ka malangizo, kolembedwa m'Chingerezi, kali m'katoni kunsi kwa bedi.

Poto ameneyu amatsekera nthunzi mkati, choncho madzi amatentha kupitirira madigiri 100 mpaka kuyandikira 120. N'chifukwa chake chakudya chimapsa msanga, ndipo n'chifukwa chakenso munthu wotsegula mokakamiza msuzi wowira umamuthovukira kumaso ndi m'manja. Pa chivindikiro pali kachitsulo komwe kamakwera nthunzi ikachuluka. Kachitsuloko kasanatsike, poto satsegulidwa, ngakhale ana akulira njala. Magetsi akathima kuphika kuli mkati, poto amaoneka ngati wazima, koma nthunzi imakhala ikadalimo. Wofuna kusamutsira ndiwo pa mbaula adikire kaye.

Nyemba, nandolo ndi khobwe, zomwe timadya pafupifupi tsiku lililonse, zimafufuma ndi kuchita thovu, ndipo thovulo likhoza kutseka kabowo kotulukira nthunzi. Pamodzi ndi madzi ake zisapitirire theka la poto, ndipo zikapsa tizisiye nthunzi ichepe yokha. Zakudya zina zisapitirire magawo awiri mwa atatu. Tisanaphike tiziona ngati kabowoko n'koyera komanso ngati labala wa m'chivindikiro sanang'ambike. Labala akatha tigule wina woyenerana ndi potoyo, tisamatsekere ndi nsanza kapena pulasitiki. Potoyu amakoka magetsi pafupifupi mawati 1,000, choncho alumikizidwe pa soketi ya pakhoma yekha, m'malo mwa ekisitenshoni yotchipa yomwe yanyamula kale ketulo ndi ayironi.

Ena akuti mapoto a masiku ano amadzikhoma okha, ndiye palibe choopa. N'zoona kuti chivindikiro chimakana kutseguka nthunzi ikadali yambiri. Koma makina sangachotse nkhope ya munthu yomwe yaweramira pa kabowo potulutsa nthunzi, ndipo sangathamangitse mwana amene akukoka chingwe.

Ogulitsa ali ndi udindo wofotokozera ogula m'Chichewa, koma ife ophunzira tisadikire iwo. Chingerezi cha m'kabuku timachimva. Tikapita kutchuthi tikatulutse kabukuko, tikhale pansi ndi amene amaphika pakhomopo, tiphike nawo nyemba kamodzi kapena kawiri mpaka adziwe kudikira kachitsulo kaja. Mwana wantchito akapsa ndi poto yemwe sanaphunzitsidwe, mlandu umakhala wa ife amene tinadziwa kuwerenga n'kukhala chete.