Asanakugwireni thupi, afunseni chiphaso

Asisi, lero tikambe nkhani ya mafizo.

Tonse tikudziwa nyumba ina imene muli mayi amene anadwala sitiroko, mwana amene akuchedwa kukhala pansi ndi kuyenda, kapena mchimwene amene anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza. Akatuluka m'chipatala, womutembenuza usiku, kumusambitsa ndi kumunyamula popita kuchimbudzi amakhala ndani? Ndife. Wina amasiya geni, wina amajomba kusukulu mpaka teremu kutha. N'chifukwa chake nkhani ya anthu ochititsa mafizo ndi yathu.

M'zipatala zathu muli magulu awiri amene tiyenera kuwadziwa. Pali ma physiotherapist, amene amakhala ndi digiri. Maphunziro awo anayamba ku College of Medicine mu 2010, ndipo sukuluyi tsopano ili mu KUHeS kuchokera mu 2021. Ndiye pali ma rehabilitation technician, amene amakhala ndi dipuloma, ndipo ambiri anaphunzira ku Kachere mu mzinda wa Blantyre. Awawa ndi amene nthawi zambiri amakhala ndi wodwala tsiku ndi tsiku: kumuwongola mwendo umene wauma chikhakha chitachotsedwa, kumuphunzitsa kuyenda ndi ndodo, kuonetsa gadiyani kanyamulidwe kosapweteka msana. Vuto likakula, amalipereka kwa physiotherapist kapena dokotala.

Ntchitoyi si yongosisita ayi. Munthu wa sitiroko ukamukoka dzanja lofookalo pomudzutsa, ukhoza kumuwononga phewa. Mwendo wotupa chifukwa magazi aundana mumtsempha ukausisita, chibuluma cha magazicho chikhoza kuthawira kumapapo, munthu n'kumwalira. Wophunzira amadziwa pogwira ndi posagwira. Wongodzitcha sadziwa.

Apa ndi pamene chiphaso chikubwera. Medical Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, ndi imene imalembetsa madokotala ndi ena ogwira ntchito zachipatala, kuphatikizapo a mafizo. Munthu akalembetsedwa ndiye kuti mapepala ake anaunikidwa, ndipo akalakwitsa muli ndi kokadandaula.

Koma taonani pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. "Physio" ali ponseponse, akuti abwera kunyumba, akuti msana upola pa sabata imodzi. Ena ndi enieni ndithu. Ena anangogula yunifomu ndi botolo la mafuta. Ndipo iyi ndi ntchito yogwira thupi, nthawi zina m'chipinda, chitseko chotseka. Mukuona kuopsa kwake, eti?

Ndiye wina asanagwire inuyo, mayi anu kapena mwana wanu, funsani: munaphunzira kuti? Munalembetsa ku Medical Council? Tingaone chiphaso? Kufunsa si mwano. Wodziwa ntchito yake sapsa mtima ndi mafunso amenewa. Akayamba kuzungulira kapena kukuchititsani manyazi, yankho mwalipeza kale.

Chiphaso nachonso si chilolezo chochita chilichonse. Ayenera kukufotokozerani kaye agwira pati komanso chifukwa chiyani. Mukhoza kupempha kuti m'bale wanu kapena namwino akhale nanu m'chipindamo. Mukhoza kunena kuti "basi, siyani" nthawi ina iliyonse, ngakhale mwalipira kale. Akadumpha malire, si inu olakwa. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Tisaiwale kuti thandizoli ndi la matupi athunso. Amayi ambiri akabereka, mkodzo umathawa akatsokomola kapena kuseka, n'kumangovala nsalu mwakachetechete poganiza kuti ndiwo uchembere. Pali mafizo olimbitsa minofu ya m'chiuno amene amathandiza. Ngati mkodzo ukungotuluka osalekeza, pitani kuchipatala msanga, akhoza kukhala fistula, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe amathandiza matendawa.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho lathu ndi lomveka: lembani ntchito a mafizo amene anaphunzira, ndipo afike kufupi ndi anthu, osati m'zipatala zikuluzikulu zokha. Pamene palibe wophunzira, mpata umadzadzidwa ndi wachinyengo, kapena ndi mtsikana wa Folomu 2 amene wasiya sukulu kuti azinyamula agogo ake. A Medical Council, tithandizeni kuti kufufuza dzina la munthu pafoni kuzikhala kophweka kwa wina aliyense.

Ndipo inu atsikana amene mumakhoza Biology ndi Physics, ntchitoyi ikukufunani. Amayi ambiri amamasuka kufotokoza zovuta zawo kwa mayi mnzawo.

Tumizirani mnzanu amene akusamalira wodwala kunyumba. Mwina mawa ndi tsiku limene "physio" uja akubwera.