Mwana akagona tulo tacilendo, tisayembekeze kuti kuce

Ife a mu Kafue, kucokera ku Shikoswe mpaka ku Zambia Compound, mwana akagona msanga timayamika Mulungu pakuti amai apeza mpata wophika. Koma pali tulo tina tomwe tiyenera kutiopsa.

M'nyumba zambiri muli mapilisi ogonetsa. Ambuya odwala khunyu alandira phenobarbitone ku kiliniki. Wina wosowa tulo kapena wovutika ndi nkhawa ali ndi diazepam, uja ambiri amuchula Valium. Kawiri-kawiri mapilisiwa abwera m'kapulasitiki komwe mwana wa zaka ziwiri atsegula mosavuta. Nanga tiwasunga kuti? Pansi pa pilo, pa windo, kapena m'cikwama ca amai momwe mukhalanso maswiti.

Coipa ca mankhwalawa n'cakuti sacita phokoso. Mwana akamwa parafini atsokomola, nyumba yonse idziwa. Koma akameza mapilisi ogonetsa ayenda dzandi-dzandi monga woledzera, lilime lilemera, kenaka agona. Ife tinena kuti watopa ndi masewera, timufunda citenje. Nthawi yomweyo mankhwala ali kufooketsa ubongo, ndipo kupuma nako kuyamba kucepa. Phenobarbitone ndiye woopsa kweni-kweni cifukwa akhala m'thupi masiku angapo.

Tikazindikira, tithamangira mkaka, saladi, kapena kumupisa cala kukhosi kuti asanze. Uku n'kuonjezera tsoka. Mwana woodzera sameza bwino, ndipo masanzi angalowe m'mapapo. Mugonekeni cam'mbali, tengani kapulasitiki kaja pamodzi ndi mapilisi otsala, pitani naye ku Kafue General Hospital usiku womwewo. Ngati afunika kutumizidwa ku UTH mu Lusaka, ndi ulendo wina wa makilomita oposa 40, ndipo nthawi yake ndi yomweyo tiitaya poyembekeza kuti kuce.

Tisanamizane, ena a ife timupatsa dala mwana Piriton kuti aleke kulira. Tikazolowera tulo ta mankhwala totere, tsiku la ngozi tidzazindikira bwanji?

Bungwe la ZAMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, tilipempha kuti liyendere tuntemba ndi misika, pakuti diazepam sayenera kugulitsidwa popanda pepala la dokotala. Nawo opereka mankhwala pa zipatala, pomupatsa munthu mapilisi otere, ayambe amufunsa ngati kunyumba kuli ana ang'ono ndiponso ngati ali ndi kabati kapena bokosi lokhoma.