WOTCHI YONAMA YA PA KAMERA ISAMANGITSE MWANA WA MNZANU

Lero tikambirane kanthu kooneka kakang'ono: nthawi imene imatcheredwa pa makamera ndi ma alamu a m'nyumba. Musathamangire kunena kuti izi ndi za mabwana a ku Area 47 ndi ku Nyambadwe. Amene amakwera makwerero kukamangirira makamerawa ndife. Amene amachezera pageti usiku wonse ndi tochi ndi chibonga ndi azichimwene athu. Amene amalawirira kuchoka ku Mtandire kapena ku Ndirande kukakolopa m'nyumbazo ndi azichemwali athu. Ndipo TV ikasowa, woyamba kukwezedwa galimoto ya polisi sakhala mwini nyumba ayi.

Ife tikuti amene wagula makina achitetezo koma osatchera bwino nthawi yake waweta mboni yabodza m'nyumba mwake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kabokosi kosunga zithunzi kaja, kamene timakatcha DVR, kamanenadi za m'maluwa wotchi yake ikasokonekera, koma anthu amakakhulupirira kuposa munthu chifukwa choti ndi makina.

Nkhani yake imayambira apa. Makamera ambiri amene akugulitsidwa m'mashopu mwathu, monga Hikvision ndi Dahua, amapangidwa ku China, ndipo kawirikawiri amabwera atatcheredwa nthawi ya kumeneko. China ili pa GMT+8, ife tili pa GMT+2. Kusiyana kwake ndi maola 6. Ndiye taganizani: wakuba walowa 1 koloko usiku, makina alemba kuti 7 koloko m'mawa. Nanga 7 koloko m'mawa amafika ndani pakhomopo? Mtsikana wantchito. Basi mlandu wamupeza ali chigonere kwawo.

Wina anena kuti koma chithunzi chionetsa chokha kuti kunali mdima. Eya, ngati kamerayo ili panja. Ya mu kolido yopanda zenera, babu ikuyaka, siisiyanitsa usiku ndi usana. Ndipo alamu ilibe chithunzi n'komwe. Imangolemba mzere umodzi, kuti chitseko chakukhitchini chatsegulidwa nthawi yakuti. Mzere umenewo ndi umene bwana amapita nawo kupolisi.

Pali kachinyengo kena kamene anyamata oika makamera ambiri amakadziwa. Umatha kukonza wotchi ndi dzanja kuti ifanane ndi ya pa foni, koma malo osankha dera la nthawi n'kuwasiya pa Beijing. Zimaoneka bwinobwino, bwana n'kulipira, iwe n'kumapita. Tsiku limene bokosilo lidzayambe kutenga nthawi pa intaneti, wotchi imadumpha maola 6 popanda womva. Aise, ngati ntchito yako ndi imeneyi, yamba wasankha GMT+2, kenako ukonze wotchi. Kuno sitisintha mawotchi pachaka ngati ku Ulaya, choncho pamene palembedwa DST pakhale pozimitsa.

Kenako pali vuto lathu la tsiku ndi tsiku, kuthima kwa magetsi. Mkati mwa DVR muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ntchito yake ndi kusunga nthawi magetsi akapita. Kakatha mphamvu, magetsi akangobwera bokosi limadzuka lili m'chaka china, ena mpaka kubwerera ku 1970. Tsono apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ndondomeko iliyonse imene munatchera imadalira wotchi imeneyo. Mukatsegula malo a ndondomeko mumaona timabokosi ta masiku 7 ndi maola 24, ndipo mumasankha kuti apa kamera izijambula osalekeza, apa izijambula pokhapokha china chikayenda, apa isajambule. Anthu ambiri, pofuna kuti disiki isadzaze msanga, amati izijambula usiku wokha, kuyambira 6 madzulo mpaka 6 m'mawa. Wotchi ikasokonekera, kamera ija imajambula nkhuku masana, usiku n'kugona tulo. Mawa lake akuti mlonda ndiye anazimitsa.

Ife tikuona kuti kamera ya pageti ndi ya pakhomo lolowera zizijambula osalekeza, usana ndi usiku. Zina zonsezo mutha kuziika kuti zizidikira kuyenda kwa chinthu. Mudziwenso kuti disiki ikadzaza, zatsopano zimafufuta zakale. Funsani amene anakuikirani kuti yanu imasunga masiku angati, ndipo kanthu kakachitika koperani tsiku lomwelo pa fulashi. Tamvapo kangati kuti zithunzi zimene zikanamasula munthu zinafufutika achibale akadali kufunafuna ndalama ya minibasi?

Za alamu tinenepo motalikirapo, chifukwa apa ndi pamene ulesi umabisala. Ma alamu ambiri amalola kuti muwauze ola loti adzitchere okha ndi ola loti adzimasule okha. Kudzitchera yokha n'kwabwino. Munthu umaiwala, makamaka ukabwera wotopa, ndiye alamu ikamadzitchera 10 koloko usiku yakuthandiza. Koma kudzimasula yokha, ife tikukana. Makina sadziwa kuti lero ndi holide. Sadziwa kuti kwagwa maliro ndipo banja lonse lanyamuka usiku kupita kumudzi. Sadziwa kuti ndi Khirisimasi kapena Eid. Ikafika 6 koloko m'mawa imamasula nyumba ngati masiku onse, nyumba n'kukhala pambalambanda sabata yathunthu. Alamu izimasulidwa ndi munthu, ndi chala chake.

Ndipo chala chilichonse chikhale ndi nambala yake. Makinawa amalola manambala achinsinsi angapo: bambo yawo, mayi yawo, mwana wa ku koleji yake, wantchito yake. Ena amalolanso kuti nambala ya wantchito izigwira maola a ntchito okha. Poyamba zimamveka ngati kumukayikira, koma taonani bwino, zimamuteteza. Nyumba yonse ikamagwiritsa nambala imodzi, imene mwana anauzako chibwenzi chake, mlamu anaimvanso, ndi amene anabwera kudzapenta anaionera, tsiku la tsoka onsewo amaiwalika. Amakumbukiridwa wantchito yekha. Pamene aliyense ali ndi yake, makina amalemba kuti anatsegula ndi uje, ola lakuti. Anzathu a ntchito za m'nyumba, pemphani nambala yanuyanu, ndipo musabwereke munthu, ngakhale mwana wa abwana atakunyengererani bwanji.

Magetsi a panja nawonso. Tima taimala totchipa tija tokhala ndi gudumu lozungulira timayenda ndi magetsi omwewo, ndiye akathima maola 5 nato timatsalira maola 5. Mapeto ake mababu akuyaka dzuwa lili pamutu, usiku bwalo lili bii, mlonda akungodalira tochi ya pa foni. Komanso dzuwa sililowa ola limodzi chaka chonse. Ku Lilongwe mu June limalowa 5:30 isanakwane, mu December limadutsa 6 koloko. Kachipangizo kamene kamayatsa mababu kakaona mdima kamathetsa zonsezi, sikafuna wotchi.

Inu a ku Joni muli bwino, nthawi yanu ndi yathu ndi imodzi. Koma inu a ku London amene mumayang'anira nyumba ya ku Area 49 pa foni, chenjerani. Kumeneko mumatsalira maola 2 m'nyengo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, ndipo mawotchi anu amasintha kumapeto kwa March ndi kumapeto kwa October. Musanaimbe foni kukalipira mlonda kuti anachoka msanga, tsimikizani kuti mukuwerenga nthawi ya kuti.

Mwina mukuti bwanji gulu ngati lathu likutaya nthawi ndi mawotchi. N'chifukwa choti tikudziwa mtengo wa kumangidwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngakhale lamulolo litatsatidwa ndendende, ndi mausiku awiri m'chitokosi, ntchito yatha, ndipo dzina loti wakuba lakumata m'dera lonse. Palibe bwana amabwera kudzapepesa kuti inali wotchi. Tikudziwanso kuti zionetsero zikatha, zithunzi za makamera a m'mashopu ndi m'nyumba ndi zimene zimayendayenda pa mafoni. Ife sitiikira kumbuyo wothyola shopu, amatiipitsira mbiri. Koma wotchi yolakwika itha kutenga mnyamata amene anadutsa pamalopo m'mawa akupita kukagula malasha, n'kumuika pomwepo pa ola limene shopu inkathyoledwa.

Choncho m'bale wanu akamangidwa chifukwa cha kamera kapena alamu, funso loyamba likhale lakuti: kodi wotchi ya makinawo ikufanana ndi nthawi yeniyeni? Pemphani kuti aiyerekeze ndi ya pa foni bokosilo lisanazulidwe pakhoma, pakhale mboni, ndipo kusiyana kwake kulembedwe. Mukapita ku Legal Aid Bureau kapena kwa loya aliyense, mukatchule zimenezi, musaganize kuti aziganizira okha.

Anyamata oika makamera, musachoke pamalo musanaimike foni yanu kutsogolo kwa kamera ikuonetsa nthawi, kuti umboni ukhale m'bokosi momwemo kuti munasiya zili bwino. Mulembere mwini nyumba papepala maola amene mwatchera, mumuonetse pokonzera wotchi, ndipo mumuuze kuti aziyang'ana kamodzi pamwezi komanso nthawi iliyonse magetsi akathima nthawi yaitali. Mukaona kuti chaka chabwerera m'mbuyo, sinthani kabatire kaja.

Amene muli ndi makolo, amalume kapena alandilodi okhala ndi makinawa, lero lomwe madzulo imani pa sikirini, foni m'manja, muyerekeze ola, tsiku ndi chaka. Uthengawu autumize ku magulu a alonda, a ntchito za m'nyumba ndi a neighbourhood watch a m'dera lanu.